Kutsika, kugwa ndi kuchepa: kafotokozedwe ka malonda akavuta pagulu

Aliyense wosunga mabuku a kalabu ya alimi, kopaletivi kapena banki mkhonde, limamufikira tsiku loti aimirire pamaso pa anzake n'kunena kuti malonda sanayende. Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndipo katundu wathu wambiri amathera pa Lizulu ndi pamphambano ya Tsangano mumsewu wa M1, pomwe mavenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amadzapikula. Chandilembetsa izi n'chakuti ife alembi ndi asungichuma, phindu likakhalapo timalitchula mpaka tambala yomaliza, koma zikavuta timangoti "zinthu zalowa pansi," basi tatha. Anthu amabalalika aliyense ndi lake tanthauzo. Wina akuti wavuta ndi mtengo, wina akuti mbatata inawolera m'nyumba, wachitatu sakuyankhula koma mumtima wagamula kale kuti msungichuma wadyapo. Gulu silingamange mfundo yanzeru pa nkhani imene aliyense waimva mwakemwake.

Yambani ndi kutchula chatsikacho

Mawu oti "malonda atsika" amakulunga zinthu zingapo zimene siziyendera limodzi. Pali mtengo wa thumba. Pali kuchuluka kwa matumba amene mwagulitsa. Pali ndalama zonse zolowa, kenako pali phindu, lomwe ndi zotsala mukachotsa za feteleza, mankhwala opopera, aganyu, matumba, thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Chimodzi chikhoza kumatsika chinzake chikukwera.

Tiyerekeze ndi manambala ongophunzirirapo, osati mitengo ya lero. Mwezi watha gulu linagulitsa matumba 40 pa K30,000 thumba limodzi, zolowa zonse K1,200,000. Zimene munalowetsa pa matumba amenewo zinali K800,000, ndiye phindu linali K400,000. Mwezi uno mwagulitsa matumba 50 pa K22,000, zolowa K1,100,000, koma chifukwa matumba achuluka, zolowetsa zafika K900,000, phindu K200,000. Taonani zimene zachitika mwezi umodzi womwewo: mtengo watsika ndi K8,000 pa thumba, matumba achuluka ndi 10, ndalama zolowa zachepa ndi K100,000 yokha, koma phindu lachepa ndi theka lathunthu. Amayi amene ankathandiza kupakira mbatata mulole akamva kuti "malonda atsika" adzakana, chifukwa maso awo anaona matumba ambiri kuposa mwezi watha. Ndipo sakunama. Mukanena kuti "matumba achuluka koma mtengo watsika, choncho phindu lachepa," mkangano umatha usanayambe, anthu n'kuyamba kukambirana za mtengo, komwe kuli vuto lenileni.

Mtengo umatsika, katundu amachepa

"Kutsika" timanenera zinthu zimene zili ndi mlingo wokwera ndi wotsika: mtengo, chiwongoladzanja, malipiro, giredi. "Kuchepa" timanenera zowerengeka kapena zoyezeka: matumba, makasitomala, zokolola, ndalama za m'bokosi. Musalembe m'lipoti kuti "matumba atsika," chifukwa kwa munthu wa pamsika matumba otsika ndi amene atsitsidwa mulole. Lembani kuti matumba achepa.

Pakati pa "kutsika" ndi "kugwa" pali liwiro ndi kukula kwa kusinthako. Mtengo umene ukuchoka pa K30,000 kupita pa K29,000, sabata yotsatira pa K28,000, ukutsika pang'onopang'ono. Umene dzulo unali K30,000 ndipo lero mavenda onse akukana kupyola K20,000, umenewo wagwa. Mawu oti "wagwa" ndimawasunga ngati ndalama, sindiwatulutsa wamba. Alimi akangomva kuti mtengo wagwa, mawa lake aliyense amakumba mbatata yake kuthamangira kumsewu poopa kuti ugweratu, katundu n'kuchuluka pamsika, mtengo umene unangotsika pang'ono n'kugwadi. Mlembi akhoza kugwetsa mtengo ndi pakamwa pake.

Samalaninso kuti chagwacho n'chiyani. "Mtengo wagwa" ndi nkhani ya nyengo, mawa ukhoza kudzuka. "Bizinesi yagwa" ndiye kuti yatha, zitseko zatsekedwa, mpamba kulibe. Mukauza wokukongozani ndalama kuti bizinesi yagwa pomwe mumatanthauza kuti malonda sakuyenda mwezi uno, iye amva kuti ngongole yake siibwerera, ndipo adzabwera kudzalanda chikole.

"Kulowa pansi" ndi mawu abwino akakhala pamalo pake. Amanena za chinthu chimene chakhala chikubwerera m'mbuyo kwa nthawi yaitali osaonetsa kudzuka, monga gulu limene chaka ndi chaka mamembala akuchepa, zosonkha zikuchepa, phindu likuchepa. Sabata imodzi yoipa si kulowa pansi. Pa sabata yotere nenani kuti malonda sanayende, kapena kuti ogula anachepa. Pamsika mumamva anthu akuti "lero msika wafa," ndipo pocheza palibe vuto, koma m'buku la gulu lembani zimene zinachitika: malole ogula anabwera ochepa, kapena mvula inabalalitsa anthu masana.

Mawu awiri ena ndiwatchule mwachangu. "Yatchipa" ndi mawu a wogula. Iye akusangalala kuti mbatata yatchipa, inu mukudandaula kuti mtengo watsika, koma nonse mukunena chinthu chimodzi. M'lipoti la ogulitsa gwiritsani ntchito a ogulitsa. Ndipo musanene kuti "tadula mtengo" pofuna kunena kuti mwatsitsa. Kwa ife chinthu chodula ndi chokwera mtengo, ndiye womvera akhoza kumva zosemphana ndi zimene mukutanthauza.

Watsika wokha, kapena wina wautsitsa?

Apa ndi pamene pamagona chilungamo cha mlembi. "Mtengo watsika" ndiye kuti msika ndiwo wachita, palibe wa m'gulu amene anasankha. "Tatsitsa mtengo" ndiye kuti wina anaganiza n'kuchita. Chimodzimodzi "katundu wachepa" ndi "tachepetsa katundu." Kusiyana kwake n'kwa zilembo zochepa, koma kwina kuli funso loti ndani ndipo chifukwa chiyani, kwinako kulibe.

Amene munawatuma kumsika akagulitsa pa K22,000 pomwe anzawo oyandikana nawo ankagulitsa pa K25,000, lipoti lisanene kuti mtengo unatsika kufika pa K22,000. Linene kuti mtengo wa pamsika unatsika kufika pa K25,000, ndipo ife tinatsitsanso ndi K3,000. Kenako litchule chifukwa. Mwina mbatata inayamba kubiriwira chifukwa chokhalitsa padzuwa, mwina ina inali ndi mabala a khasu, mwina m'munda munalowa chiwawu ndipo otumidwawo anaopa kuti ikagona iwola, mwina kunja kunkada ndipo kubweza katundu kukanadya ndalama zambiri kuposa zimene anachotserazo. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo gulu limazilandira zikanenedwa poyera. Chimene gulu silikhululuka ndi kudzamva kwa ena patapita sabata kuti mtengo wa tsiku lija unali wina.

Kuchotsera ndi kutsitsa mtengo si chinthu chimodzi. Kutsitsa n'kwa aliyense wobwera. Kuchotsera n'kwa munthu mmodzi amene wanenerera, uja amati "ndichotserenikoni mayi, nditenga matumba khumi." Gulu ligwirizaniretu malire a kuchotsera otumidwa asananyamuke, ndipo m'buku zochotsera zikhale ndi mzere wakewake. Mukaziphatikiza mu mtengo, pakutha pa chaka simungadziwe ngati unavuta ndi msika kapena kufewa mtima kwa ogulitsa anu.

Ndiye pali kutsika kumene sikutchulidwa n'komwe, ndipo ndi kumene kumandipweteka mtima kwambiri kuno kwathu. Venda amabwera ndi thumba lake, lalikulu kuposa lanu, lina losokerera pamwamba kuti lilowe zambiri, n'kunena kuti "mtengo ndi womwewuja, abambo, sindinatsitse." Zoonadi, nambala sinasinthe. Koma ngati thumba limene linkalowa ndowa zinayi tsopano likulowa zisanu pa K30,000 yomweyo, ndowa yatsika kuchoka pa K7,500 kufika pa K6,000. Basela nayenso ndi kutsitsa mtengo: mulu wa matimati asanu mukaikapo limodzi la basela, mwagulitsa asanu ndi limodzi pa mtengo wa asanu. Ife ogulitsanso timachita zobwezera, kuchepetsa mulu mtengo uli pomwepo, ndipo apo wogula ndiye wakwezeredwa mosadziwa. Njira yothetsera zonsezi ndi imodzi. M'buku lembani mtengo wa pa kilogalamu kapena wa pa ndowa yodziwika ya gulu, osati wa pa thumba lokha. Ngati muli ndi sikelo, ikhale yoyesedwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayendera masikelo a malonda, ndipo muli ndi ufulu wokana sikelo ya venda imene mukuikayikira.

Manambala: kuchoka pati, kufika pati, liti

Kutsika kulikonse kunenedwe ndi zinthu zitatu: pochokera, pofikira, ndi nthawi. "Mtengo watsika kuchoka pa K30,000 kufika pa K22,000 pakati pa mwezi watha ndi uno." Samalani ndi timawu tiwiri, "ndi" komanso "kufika pa." "Watsika ndi K8,000" ndiye kuti K8,000 ndi imene yachokapo. "Watsika kufika pa K8,000" ndiye kuti thumba likugulidwa K8,000. Mu uthenga wa pafoni wolembedwa mothamanga timawuti timasokonekera, ndipo mlimi amene ali kumunda akhoza kusiya kukumba kapena kukumba munda wonse chifukwa cha kamawu kamodzi.

Funso lina ndi loti mukuyerekeza ndi liti. Mbewu zathu zili ndi nyengo. Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, cha m'ma Epulo mpaka Juni, n'kukwera kwambiri m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Mbatata imatsika ya mvula ikamakumbidwa paliponse kuno, ku Bembeke ndi tsidya la Mozambique nthawi imodzi, chifukwa yonseyo imakumana mumsewu womwewu. Ndiye kunena kuti mtengo watsika poyerekeza ndi mwezi watha nthawi zina n'kungonena kuti nyengo yokolola yafika. Kuyerekeza kumene kumaphunzitsa ndi kwa mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha. Ine ndimatchula zonse ziwiri, chifukwa choyamba chimathandiza kuganiza zogulitsa kapena kusunga, chachiwiri chimathandiza kuganiza zodzala chaka chamawa.

Peresenti siyovuta monga anthu amaiopera. Tengani chimene chachokapo, gawani ndi nambala yakale, chulukitsani ndi 100. K8,000 kugawa ndi K30,000 kuchulukitsa ndi 100, mupeza pafupifupi 27. Mtengo watsika ndi 27 peresenti, kapena kuti pa K100 iliyonse pachoka K27, ndipo kwa agogo a m'gulu kanenedwe kachiwirika ndi kamene kamalowa bwino. Koma dziwani kuti njira yotsikira ndi yobwerera sizifanana. Kuti K22,000 ibwerere pa K30,000 iyenera kukwera ndi 36 peresenti, chifukwa tsopano mukugawa ndi nambala yaing'ono. Chinthu cha K1,000 chikafika pa K500 chatsika ndi 50 peresenti, koma kuti chibwerere chiyenera kukwera ndi 100 peresenti. Wina akakuuzani kuti "tinatsika ndi 27, takweranso ndi 27, ndiye tabwerera," werengani naye: 27 peresenti ya K22,000 ikukufikitsani pafupi ndi K27,900, K30,000 simunaifike.

Nkhani ya kwacha ndi chitsanzo chimene tonse tinakhalamo. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nambala ya 44 ija ikuchokera pa kukwera kwa mtengo wa dola: K520 kugawa ndi K1,180. Mukawerenga kuchokera mbali inayo, kufunsa kuti kwacha yomwe ija ikugula madola angati tsopano, mupeza kuti yachepa mphamvu ndi pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, akungoyang'ana kuchokera mbali zosiyana. Kwa ife alimi chofunika ndi chakuti feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ambiri opopera zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola, choncho kwacha ikagwa mphamvu zolowetsa zathu zimakwera ngakhale ife sitinaonepo dola.

N'chifukwa chake buku likhoza kuonetsa kuti ndalama zolowa zakwera pomwe gulu lasauka. Pamenepo mawu oyenera si oti phindu lachepa, chifukwa nambala yake yakula, koma oti mphamvu ya phindu lathu yachepa. Kuti anthu amvetse, yezani ndi feteleza: chaka chatha tinkagulitsa matumba angati a mbatata kuti tigule thumba limodzi la feteleza, nanga chaka chino angati? Mlimi aliyense muyeso umenewu amaumva popanda peresenti.

Pawailesi mumamvanso kuti kukwera kwa mitengo ya zinthu kwatsika, potsatira zimene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi. Pamsonkhano pamapezeka wina wofunsa kuti, "Nanga a mlembi, akuti zatsika, bwanji sopo m'golosale sanatsike?" Chimene chatsika ndi liwiro la kukwera, osati mitengoyo. Zili ngati lole yodzaza mbatata imene yachepetsa liwiro pachitunda: ikuyenda pang'onopang'ono, koma ikukwerabe. Nambalayo ikachoka, tinene, pa 30 kufika pa 27 peresenti, ndiye kuti chimene chinali K1,000 chaka chatha chili pa K1,270 m'malo mwa K1,300.

Zachepa, zaperewera, zasowa

Mawu atatu awa akasokonekera amapasula gulu. "Ndalama zachepa" ndiye kuti zilipo zochepa kuposa kale, ndipo mabuku ndi bokosi zikugwirizana. "Ndalama zaperewera" ndiye kuti sizikukwana pa chimene tikufuna kuchita, monga kugula feteleza wa mamembala onse. Koma mukati "zaperewera m'bokosi," kapena monga ambiri amanenera, "zashota," mwanena kuti buku likutchula nambala ina, bokosi lili ndi ina. "Zasowa" ndi mawu olemera kuposa onse, chifukwa akangotuluka maso onse amapita kwa msungichuma ndi osunga makiyi. Musawatulutse musanawerenge kawiri pamaso pa mboni, musanaone ngati palibe ngongole imene inaperekedwa osalembedwa kapena risiti imene yatsalira m'thumba la wina. Mbiri ya munthu pamudzi imaonongeka ndi mawu amodzi, ndipo kupepesa pambuyo sikuibweza yonse.

Momwemonso phindu kuchepa si kuluza. M'chitsanzo chija phindu linachoka pa K400,000 kufika pa K200,000: lachepa, koma lilipo. Kuluza ndi pamene zolowa zachepera zolowetsa, mwaika K900,000 mwapeza K850,000. Ngati zolowa zangofanana ndi zolowetsa, nenani kuti tangobweza mpamba. Ndipo kuluza kukapitirira mpaka mwayamba kulipirira thiransipoti ndi aganyu pa ndalama zimene zinali zoodera katundu, nenani mosabisa kuti tayamba kudya mpamba. Mawu amenewo ndi owawa, koma ndi amene amadzutsa gulu nthawi ikadalipo.

Ku banki mkhonde, tsiku logawana likafika anthu n'kulandira zochepa kuposa chaka chatha, fotokozani kuti zachepa chifukwa chiyani: masheya anagulidwa ochepa, kapena obwereka anachepa ndiye chiwongoladzanja chinalowa chochepa, kapena gulu linatsitsa lokha chiwongoladzanja, kapena pali ngongole zimene sizinabwezedwe. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake.

Giredi, malo ndi maudindo

Katundu ali ndi magiredi. Mbatata ikuluikulu imene okazinga tchipisi amaifuna ndi giredi yoyamba, yapakati yachiwiri, ing'onoing'ono ndi yobooka ndi giredi yotsika. Chaka china mtengo wa giredi iliyonse sunasinthe koma ndalama zachepa, chifukwa mbatata yambiri yagwera mu giredi yotsika. Pamenepo lipoti linene kuti giredi yatsika, lisanene kuti mtengo watsika, chifukwa yankho lake lili kumunda, pa mbewu, feteleza ndi kupopera, osati kumsika. Alimi a fodya amene amagulitsa ku okushoni ya ku Kanengo amazidziwa bwino izi: belo limodzi likatsitsidwa giredi, ndalama zimasiyana kutali ngakhale mitengo ya chaka chimenecho ili bwino.

Siyanitsani "wotsika," "wotsikirapo" ndi "wotsikitsitsa." Wotsika ndi wotsika basi. Wotsikirapo ukuyerekeza ziwiri: mtengo wa pa Lizulu lero ndi wotsikirapo kusiyana ndi wa pa Chimbiya. Wotsikitsitsa ndi wapansi pa yonse, ndipo mawu amenewa ali ndi ntchito yaikulu pa malonda a mbewu. Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka mitengo yotsikitsitsa yogulira mbewu monga chimanga, soya, mtedza ndi nyemba kwa alimi. Tanthauzo lake n'lakuti wogula asapyole pamenepo kupita pansi, koma kupita pamwamba n'kololedwa. Venda akamati "mtengo wa boma ndi uwu, sindingapitirire," wautembenuza. Poyambira wapasandutsa pothera. Muuzeni mwaulemu kuti umenewo ndi wotsikitsitsa, ndipo kukambirana kuyambire pomwepo kumka m'mwamba. Malipiro otsikitsitsa amene boma limaika kwa antchito amayendanso chimodzimodzi.

Pa mndandanda wa magulu, monga pamene alangizi akuyerekeza makalabu a m'dera, kutsika malo sikutanthauza kuti ntchito yanu yabwerera m'mbuyo. Mukhoza kuchoka pachiwiri kufika pachinayi zokolola zanu zitakwera, kungoti anzanu akwera kuposa inu. Nenani zonse ziwiri: tatsika malo, koma zokolola zachuluka.

Zikafika pa anthu, mawu asankhidwe mosamala koposa, makamaka ngati gulu kapena shopu yanu ili ndi antchito olipidwa pamwezi. Kutsitsa munthu paudindo ndiye kuti akugwirabe ntchito koma pamalo otsikirapo. Kumuimitsa ndi kwa kanthawi, nkhani ikufufuzidwa. Kumuchotsa ntchito chifukwa cha mlandu ndi kwina, kuchepetsa antchito chifukwa malonda achepa ndi kwinanso, ndipo lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limasiyanitsa ziwirizi. Munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza, ndipo wochoka chifukwa chochepetsa antchito, ngati wagwira chaka kapena kuposerapo, amayenera kulandira ndalama za severance, zomwe ndi malipiro apadera a munthu amene ntchito yamuthera popanda mlandu. Ndiye m'kalata musalembe "tachepetsa antchito" pofuna kupewa kunena mlandu, ndipo musapeke mlandu pofuna kuzemba kulipira. Musanalembe kalata yotere, pitani kaye ku ofesi ya zantchito paboma mukafunse. Kutsitsa malipiro a munthu nakonso si chinthu chongomudzidzimutsa nacho pakutha pa mwezi, n'chofunika kukambirana ndi kulemberana.

M'komiti, amene ali pansi pa tcheya ndi wachiwiri kwa tcheya, amene ali pansi pa mlembi ndi wachiwiri kwa mlembi. Mawu oti "wapansi" kapena "wamng'ono" asanenedwe pa munthu, makamaka pamene wachiwiriyo ndi wamkulu m'zaka. Ndipo munthu amene nthawi yake yatha n'kusankhidwa wina sanatsitsidwe. Wamaliza nthawi yake, ndipo mabuku alembe choncho.

Poimirira pamsonkhano

Ndi manambala aja, lipoti likhoza kumveka motere:

"Zikomo a tcheya, makolo ndi anzanga nonse. Mwezi uno tagulitsa matumba 50, mwezi watha anali 40, ndiye katundu wachuluka. Mtengo wa pamsika unatsika kuchoka pa K30,000 kufika pa K25,000 chifukwa mbatata inachuluka mumsewu. Otumidwa athu anatsitsanso ndi K3,000 chifukwa ina inayamba kubiriwira, choncho tagulitsa pa K22,000. Zolowa zachepa ndi K100,000, zolowetsa zakwera ndi K100,000, ndiye phindu lachoka pa K400,000 kufika pa K200,000. Sitinaluze, mpamba uli wonse, ndipo bokosi likugwirizana ndi buku. Chofunika kukambirana n'chakuti katundu wotsala timugulitse sabata ino kapena timusunge pamthunzi tidikire."

Lipoti lotere silitenga mphindi ziwiri. Werengani manambala pang'onopang'ono, ndipo ngati pali bolodi kapena pepala lalikulu alembeni kuti anthu aziona akumva. Buku likhale lotsegula patebulo kuti wofuna kuona aone.

Mwezi wotsatira mudzafunika mawu a pamene kutsikako kwasiya. Mtengo ukakhala pa K22,000 masabata angapo, nenani kuti waima kapena wakhazikika. Ukafika pa K24,000, wayamba kukwera. Mawu oti "wabwerera" asungeni mpaka utafikadi pa K30,000, ndipo ngakhale pamenepo yang'anani kaye mtengo wa feteleza wa tsiku limenelo musanauze gulu kuti labwerera pomwe linali.